Foni ya aWailesi

Achimwene anga amakonza mafoni pamsika, ndipo aliyense amawatcha aChaja. Dzinalo linayamba kale, magetsi asanafike m'nyumba za kumunsi, pamene iwo ankasunga batire ya galimoto pansi pa tebulo ndipo anthu ankabwera kudzatchajitsa. Batire ija inafa, dzina linatsala. Ine ndine mlongo wawo wamng'ono, ndimasoka zovala, ndipo kashopu kanga kagundana ndi kawo. Chotilekanitsa ndi khoma la matabwa lokhala ndi mng'alu wotha kulowa chala, choncho zambiri zimene ndinene pano ndinazionera pamng'alupo. Musavutike kufunsa ngati ndinkachita kusuzumira. Ndinkasuzumira ndithu.

Ndi munthu wochepa thupi, wa magalasi omangidwa ndi waya mbali imodzi. Tsiku lonse amakhala chiweramire pansi pa kanyale, pambali pali mswachi wakale, botolo la sipiliti, kachitsulo kopanira ndi chitsulo chowotcherera. Fungo la chitsulocho limalowa mu nsalu zanga mpaka makasitomala kumandifunsa ngati diresi lawo lapsa. Kulankhula ndiye ayi. Ukawafunsa funso lero, yankho ukalitenge mawa. Malemu amayi athu ankati mwana ameneyu anabadwa atatsiriza kale nkhani zake zonse.

Ndiye Mulungu, poti naye ndi wanthabwala, anawapatsa mkazi wapakamwa. Mlamu wanga ankagulitsa masamba ndi tomato khomo ndi khomo, beseni pamutu, epuloni m'chiuno. Akati "Tomatooo!" ali pa mlatho, ife kumsika tinkamva ndi kupsa kwake komwe. Anthu anawapatsa dzina loti aWailesi, iwo n'kulikonda. Kumunsi konse ankakudziwa ngati khitchini lawo: nyumba imene mwini wake amagona masana chifukwa ndi mlonda, nyumba ya agogo osamva bwino, nyumba imene amatsekera ana akapita ku ntchito. Ine ndi iwo sitinkatha sabata osakangana, nthawi zambiri pa lumo langa limene ankabwereka n'kukadulira zingwe za matumba. Ndimawasowa koopsa, ndipo lumo lija sindinalinoletsenso.

Tauni yathu ili ndi kumtunda ndi kumunsi. Kumtunda kuli nyumba za mipanda ndi mitengo ya mthunzi. Kumunsi, m'mbali mwa mtsinje, kuli nyumba za lendi zothinana, ndi fakitale ya mabulangete imene mabanja ambiri akhala akugwirako ntchito kuyambira makolo awo. Msika uli pakati, pamalo otsetsereka, ndipo mzere wathu wa mashopu ndiwo wa m'munsi kwambiri.

Madzi anabwera masana, dzuwa likuswa mtengo. Kwathu sikunagwe ngakhale dontho. Mvula inagwa kumapiri, m'mwezi umene kale tinkayanika zovala osayang'ana kumwamba. Akuti ndi kusintha kwa nyengo, kuti utsi wa magalimoto ndi mafakitale akuluakulu watenthetsa dziko mpaka mvula yasokonezeka mutu. Ine zimenezo sindinaphunzire, koma ndikudziwa kuti mwa amene anamira panalibe ndi mmodzi yemwe wokhala ndi galimoto. A kumtunda anati analandira chenjezo pafoni m'mawa. A kumunsi ena analibe mafoni, ena mafoni anali ozima, ena anaona uthenga wautali wa chilankhulo cha mu ofesi n'kuyesa kuti ndi otsatsa malonda.

AWailesi ndiwo anawaona madziwo ali pa mlatho. Anataya beseni. Msewu wokwera kumtunda unali pomwepo, koma iwo anatsika, n'kuyamba kuthamanga m'tinjira tija akumenya zitseko ndi kuitana anthu mmodzimmodzi. Ambiri amene lero mumawaona akukangana pa mpopi anatuluka chifukwa cha mawu amenewo. Eni ake mawuwo anapezeka patapita masiku, kutali kumunsi kwa mtsinje, epuloni ili chimangire, foni ili m'thumba mwake.

Nanga achimwene tsikulo? Madzi atafika pamzere wathu, ine ndinatuluka ndi mutu wa makina okha. Posuzumira kwawo ndinawapeza akukweza mafoni a makasitomala pa shelefu ya pamwamba, imodziimodzi, modekha, madzi ali m'mawondo. Ndinawakoka ndi kolala. Ankati, "Dikira kaye, izi ndi za eni." Ndinawatukwana tsiku limenelo, achimwene anga enieni, ndipo sindinapepese.

Matope atauma, anthu anayamba kubwera ndi mafoni omira. Ena ankawabweretsa atawakwirira mu mpunga, achimwene n'kungopukusa mutu ndi kunena kuti mpungawo akanangophikira ana. Sankafuna kuimbira munthu ayi, anthu amenewa. Ankafuna zithunzi, ankafuna mawu a amene anapita. Achimwene ankatsegula foni iliyonse, kuitsuka ndi sipiliti, kuchotsa dzimbiri ndi mswachi, kuwotcherera pamene paduka. Zina zinkadzuka, zina ayi.

Apa ndi pamene anayamba kachitidwe kawo kamene msika wonse ukukadziwa. Foni ya munthu womira sankaiyatsa okha. Akamaliza ankaitana mwini wake, kumupatsa mpando, kumuonetsa batani, iwo n'kutuluka kudzakhala kwanga pakati pa nsalu. Palibe anandiuza chochita, koma ndinazindikira ndekha kuti ntchito yanga ndi kupalasa makina mwamphamvu kuti tisamve. Ndinasoka mizere yambiri yopanda pake pa tinsanza masiku amenewo. Ngakhale zinali choncho, thabwa ndi thabwa, mawu ena ankadutsa. Bambo akuti, "Ugule mchere pobwera." Mwana akuimba nyimbo ya kusukulu n'kuiwala pakati. Mayi akuseka, osadziwika chimene chawaseketsa.

Panali foni ina ya mnyamata wa ku fakitale imene mkazi wake anaiyatsa, n'kulephera kupita nayo kunyumba. Anaisiya pa shelefu kuti adzaitenga mtima ukakhala pansi. Inkalira tsiku lililonse dzuwa likapendeka, nthawi imene mwini wake ankadzuka kupita ku shifiti yamadzulo. Mzere wonse tinkangoti zii mpaka isiye. Wogulitsa nsapato anapempha achimwene kuti aizimitse, iwo anayankha kuti amene anaitchera sanawatume.

Koma foni ya akazi awo sanaikhudze. Anaiika m'botolo la galasi ndi matope ake omwe, n'kutseka, n'kuliika pakona ya shelefu ya pamwamba. Ine, poti pakamwa panga sipakhala chete, tsiku lina ndinawafunsa.

"Achimwene, za anthu onse mwakonza. Ya alamu anga bwanji?"

Anayankha tsiku lomwelo, chimene chinandidabwitsa. "Inakhalitsa m'madzi. Mkati mwadyeka. Kamene kamasunga zinthu kafunika kukazula ndi moto n'kukaika mu ina. Zimenezo umachita kamodzi basi."

"Ndiye?"

"Ndiye dzanja likanjenjemera, ndawataya kachiwiri. M'botolomu alimo."

Sindinafunsenso. Zaka zinadutsa botolo lili pomwepo, ndipo m'mawa uliwonse ankalipukuta fumbi asanayatse kanyale.

Achimwene ndi aWailesi anabereka mwana mmodzi, mtsikana, amene nthawi ya madzi ija anali ku sukulu ya ntchito zamanja. Anabwerako ndi chipewa cholimba ndi chikwama cha zida, akukwera pamadenga kuika masola, anthu n'kumutcha Namawaya. Manja anatengera bambo ake, liuma anatengera mayi ake. Iye ndi anzake a kumunsi anagwirizana kuti sadikiranso chenjezo lopita kumtunda kokha. Anaika kachipangizo koyeza madzi pansi pa mlatho wina wa kumapiri, kakuti madzi akakwera kaziimba foni. Kenako anaimika mapolo m'tinjira ta kumunsi, lililonse ndi kasola kake ndi chimkuzamawu chake. M'mabokosi a pamapolowo munalowa mafoni akale amene mabanja anapereka, ena a iwo omira aja, ndipo achimwene ndiwo anawotcherera mawaya onse. Ine ndinasoka tizivindikiro ta lona kuti mvula isalowe, ndipo n'tokongola, mukapite mukaone.

Tsiku loyesa linafika. Namawaya anauza anthu kuti akamva sayilini ikulira pamapolo, aliyense asiye chimene akuchita akwere ku bwalo la sukulu kumtunda. Sanawauze ola. Sayilini inalira dzuwa lili pamutu, ife tili pa msika kuyang'ana kumunsi kudikira chikhamu.

Sikunabwere munthu. Anabwera agalu awiri okha, ndipo nawonso ndikuganiza anali ndi zawo.

Anawo anaiwala chinthu chimodzi chimene ngakhale ine ndinachiiwala. Kumunsi sayilini ndi ya fakitale. Anthu anabadwa akuimva, ndipo imatanthauza kuti nthawi ya nkhomaliro yakwana. Amayi anaika mapoto pamoto. Abambo ena amene anapuma ntchito kalekale anadzuka kukasamba m'manja. Atafunsidwa, onse anati anamva ndithu, ndipo ankadziwa za kuyesa kuja, koma thupi linangochita zimene linazolowera.

Namawaya sanagonje. Anajambula mawu ake, akuwerenga bwinobwino: "Chenjezo kwa anthu onse okhala m'mbali mwa mtsinje." Ulendo uno anthu anatuluka m'nyumba, n'kuimirira pansi pa mapolo manja ali m'chiuno, kumvetsera mpaka kumapeto, n'kumayamikira kuti mwanayu amalankhula bwino. Anakwera ochepa. Pa msonkhano wa madzulo ake, mlonda wokalamba uja wogona masana anaimirira.

"Mwana wanga, usakhumudwe. Mawu ako ndi abwino, koma ndi omvera. Ife tsiku lija tinathamanga chifukwa anatiitana amayi ako. Miyendo yathuyi imadziwa mawu amenewo basi."

Kenako amayi a mapasa, amene nyumba yawo inali pafupi ndi mlatho, ananena chinthu chimene anali asanauzepo munthu. Anati pamene aWailesi ankamenya chitseko chawo, foni inali pakamwa, chala chili pa galasi, ngati munthu amene akujambula uthenga wa mawu uku akuthamanga.

M'mawa mwake Namawaya anafika pa shopu ya bambo ake. Ine diso linali pamng'alu. Sanakhale pampando, anagwada pansi pafupi ndi tebulo, chipewa chili m'manja.

"Bambo, ndabwera kudzapempha foni ya amayi."

Achimwene anapitiriza kutsuka foni imene inali m'manja mwawo.

"Mwina mulibe kanthu, ndikudziwa. Mwina muionongeka. Koma mvula ili pafupi, bambo, ndipo anthu aja sakukwera."

Anatsuka foni ija mpaka ndinaopa kuti aiboola. Mwana anadikira, kenako anadzuka, n'kudutsira kwanga. "Azakhali, alankhuleni ndinu," anatero, misozi ili m'maso. Koma ndikanati chiyani? Munthu anali ndi chinthu chimodzi chokha chotsala cha mkazi wake, ndipo ife tinkamupempha kuti achiike pamoto. Ndinangomupatsa mwanayo madzi akumwa.

Masiku anapita. Kumapiri kunayamba kuda masana aliwonse, mphepo ikununkha dothi lonyowa. Ndinkaona achimwene akutuluka pakhomo, kuyang'ana kumapiriko, kuyang'ana madenga a kumunsi kumene ana ankasewera m'tinjira, n'kubwerera mkati. Anasiya kudya bwino. Ine nkhawa inandigwira pawiri, ya iwo ndi ya anawo, ndipo sindinkadziwa kuti ndipempherere iti.

Tsiku lina m'mawa ndinamva galasi likugunda pa tebulo. Anali atatsitsa botolo. Kenako anatsegula kabati ya pansi, n'kutulutsa foni ina yofanana ndendende ndi ya alamu anga, yokulungidwa mu nsalu yoyera. Kani anaisunga zaka zonsezi, yodikira tsiku limeneli! Anagogoda pathabwa.

"Mlongo, lero usapalase makina. Tebulo limagwedezeka."

Ndinakhala manja ali pamiyendo m'mawa wonse, kubweza makasitomala ndi manja okha. Anatsuka matope pang'onopang'ono. Anatsegula. Mkati munali mobiriwira ndi dzimbiri. Anabweretsa moto pafupi ndi kanthu kakuda kochepa ngati chikhadabo cha mwana, n'kudikira, n'kudikirabe, kachitsulo kopanira kali m'dzanja lina. Thukuta linatsika pamphuno pawo, n'kulendewera, ine n'kumalakalaka kulowetsa dzanja pamng'alu kuti ndilipukute. Kanthu kaja kanazuka. Anakanyamula n'kukaika mu foni inayo, ndipo dzanja silinanjenjemere mpaka atamaliza.

Anaitanitsa Namawaya. Atafika, anamupatsa mpando, kumuonetsa batani, iwo n'kudzuka kuti abwere kwanga monga mwa nthawi zonse. Mwana anawagwira malaya.

"Khalani, bambo. Mwini wake ndinu."

Phazi langa linali litapita lokha pa chopalasira makina. Ndinalichotsa.

Foni inayaka. Pamwamba penipeni panali uthenga wa mawu wopita kwa achimwene, pambali pake pali kachizindikiro kosonyeza kuti sunapite. Netiweki inali itagwa kale nthawi imene ankajambula. Namawaya anadina.

Choyamba kunamveka mkokomo, ndi kupuma kwa munthu wothamanga. Kenako chitseko chikumenyedwa. Kenako iwo, mawu onse athunthu, ngati ali pakhomo pomwepo:

"Tulukani! Madzi! Madzi akubwera, kwerani ku sukulu! Amayi a mapasa, siyani mapoto, tengani ana! Alonda, dzukani inu, dzukani! Agogo apakona ndani awanyamula? Iwe, thyola chitseko icho, muli ana! Thamangani, musatenge kanthu!"

Kenako mawu anayandikira, n'kutsika pang'ono, mmene ankalankhulira akafika pa shopu madzulo.

"Bambo a mwana, mukundimva? Ndikudziwa muli pa mafoni anuwo. Siyani mafoniwo, aChaja, kwerani kumtunda. Ndikupezani komweko."

Panathera pomwepo. Mzere wonse wa mashopu unali utamva, chifukwa mawu a aWailesi sanafunepo chimkuzamawu. Wogulitsa nsapato anavula chipewa. Ine ndinalira mokweza, mopanda manyazi, nkhope ili mu diresi la mwini wake.

Patapita nthawi Namawaya anapukuta m'maso n'kunena kuti atenga mbali yoyamba yokha, ya kumapetoyo aidula ikhale ya bambo ake.

"Usadule," anatero achimwene.

"Bambo, tauni yonse izimva amayi akukukalipirani. Anthu aziseka."

"Aseke. Ananena zonse pamodzi, zipite pamodzi."

Sanayesenso kachitatu. Anangouza anthu khomo ndi khomo chimene chili m'mapolo, chifukwa aliyense anavomereza kuti mawu amenewo si oseweretsa.

Madzi anabweranso chaka chomwecho, masana ngati kale, kwathu kukungowaza pang'ono. Ndinali ndikudula kolala pamene mapolo onse a kumunsi anatsegula pakamwa nthawi imodzi. Munthu amene tinamuika m'manda ndi manja athu anali m'kanjira kalikonse, akumenya zitseko. Ndinathamangira pakhomo. Kumunsi kunali kukukhuthuka anthu. Amayi a mapasa anali patsogolo, chimanjamanja opanda poto, mapasa aja, amene tsopano ndi anyamata amisinkhu, atanyamula mayi wina wolumala pa mpando wake. Mlonda wokalamba ankathamanga ndi nsapato imodzi. Agogo apakona anamwalira kale, koma pakonapo pali agogo ena tsopano, ndipo nawonso anali pamsana pa munthu. Ena ankalira akuthamanga, ena ankayankha, "Tamva, mayi, tamva, tikubwera!"

Ndinanyamula mutu wa makina, n'kusuzumira pamng'alu. Achimwene anali ataimirira pa mpando, akukweza mafoni a makasitomala pa shelefu ya pamwamba, imodziimodzi. Manja awo nawonso ankangochita zimene anazolowera. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwatukwane kachiwiri m'moyo wanga, koma pa polo la pakona ya msika mawu anali atafika kale pamene amatsika.

"Siyani mafoniwo, aChaja, kwerani kumtunda."

Anaima, foni ili m'dzanja. Anatsika pa mpando. Anaiika pa tebulo, osati pa shelefu. Anatuluka osatseka chitseko, n'kundilanda mutu wa makina kuti andinyamulire, ndipo tinakwera limodzi. Palibe anaseka.

Madzi analowa m'nyumba zonse za m'mbali mwa mtsinje, anagwetsa khoma la fakitale, anafika mpaka pa shelefu ya pamwamba ya shopu ya achimwene. Pabwalo la sukulu anthu ankaitanana, banja ndi banja, kanjira ndi kanjira, Namawaya akuthamanga uku ndi uku atanyowa. Pomaliza anakwera pa tebulo n'kufuula, ndi mawu amene ndinadziwa kumene anawatenga, kuti palibe wasowa. Anthu anakumbatirana, ena anangokhala pansi m'matope n'kumaseka.

Achimwene sanali pagulupo. Ndinawapeza pa geti la sukulu, atayang'ana msewu wochokera kumunsi. Mapolo ambiri anali atamira, koma limodzi la pamalo okwera linali likulankhulabe, kubwereza ndi kubwereza, ndipo mphepo inkabweretsa mbali yomaliza yokha. Mumsewu munalibenso munthu, munali madzi okhaokha.

"Achimwene, onse afika," ndinatero. "Tiyeni mkati, mwanyowa."

"Ndamva," anatero, maso ali kumsewu. "Pita, ndikupeza. Ndingodikirako pang'ono."

Sindinapite. Ndinaika makina pansi, n'kuima nawo pa getipo.